Ndilembe bwanji malangizo a webusaiti yoti aliyense azitha kuigwiritsa ntchito?

"Ndimagwira ntchito ku bungwe laling'ono ku Zomba, ndipo ine ndi amene ndimaika nkhani pa webusaiti yathu ndi pa Facebook. Abwana andiuza kuti ndilembe m'Chichewa malangizo oti tonse tizitsatira, kuti anthu aulumali nawonso azitha kugwiritsa ntchito zimene timaika. Andipatsa chikalata chachingerezi chotchedwa WCAG kuti ndizitengapo. Ndayamba katatu, katatunso ndang'amba. Mawu ena ndikusowa Chichewa chake, ena ndikuopa kuti ndinyoza nawo anthu omwe ndikufuna kuwathandizawo. Mnzanga wina akuti ndingomasulira liwu ndi liwu, wina akuti mawu ovutawo ndiwasiye m'Chingerezi. Kodi pali njira yovomerezeka yolembera zinthu zoterezi? Chonde ndithandizeni." Mayi wa ku Zomba.

Amayi, khazikani mtima pansi. Chikalata akupatsanicho chimavuta ngakhale eni ake Chingerezi, chifukwa sanalembere inu ndi ine amene timaika nkhani ndi zithunzi. Analembera makamaka opanga mawebusaiti ndi anthu oyesa ngati webusaiti yafika pa muyezo. Ndakhala zaka zambiri ndikulemba ndi kukonza malangizo a mtundu umenewu, ndipo pamene mwakakamirapo ndi pomwe aliyense amakakamira. Mantha anu onyoza anthu andisangalatsa, chifukwa wolemba wopanda mantha amenewo ndi amene amawononga zinthu.

Tiyambe ndi kudziwa chimene chili m'manja mwanucho. WCAG ndi zilembo zoyamba za dzina lakuti Web Content Accessibility Guidelines. Eni ake ndi bungwe loika miyezo ya mawebusaiti la W3C, limene Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994, ndipo mu 1997 linatsegula nthambi yoona za anthu aulumali yotchedwa WAI. Malangizo oyamba anatuluka mu 1999, achiwiri mu Disembala 2008, kenako 2.1 mu Juni 2018 ndi 2.2 mu Okutobala 2023. Yang'anani pa tsamba loyamba kuti muone kuti akupatsani ati. Ngati ndi akale, pemphani a 2.2. Onse kuyambira 2008 aima pa mizati inayi: munthu azitha kuona, kumva kapena kukhudza zimene mwaika, azitha kuyendetsa tsambalo, azimvetsa zimene likunena, ndipo tsambalo lizigwirizana ndi zipangizo zosiyanasiyana. Mfundo iliyonse ili pa mlingo wa A (wotsika), AA (wapakati) kapena AAA (wapamwamba). Malamulo a mayiko ambiri amafuna AA, ndipo inunso lozani pomwepo.

Mnzanu wakuti mumasulire liwu ndi liwu musamumvere. W3C imanena poyera kuti chikalata chovomerezeka ndi chachingerezi, ndipo womasulira amene akufuna chidindo chawo amadutsa m'ndondomeko yaitali yoti mabungwe a chinenerocho aunike ntchitoyo. Abwana anu sakufuna zimenezo. Akufuna masamba ochepa oti mnzanu wa muofesi akawerenga adziwe chochita asanaike chithunzi. Choncho pamutu lembani kuti "Malangizo athu otengera WCAG 2.2", ndipo pa lamulo lililonse ikani nambala ya mfundo imene mwatengapo, monga 1.1.1 kapena 2.4.4. Nambalazo musazisinthe. Tsiku limene anthu adzatsutsana, ndi nambala imeneyo imene idzawabwezere ku gwero.

Tsopano pamene pagona nkhani. Pa ntchito yotereyi liwu limene limasokoneza kwambiri ndi lachichewa chenicheni, lodziwika ndi mwana yemwe: "ayenera".

Olemba miyezo ya intaneti amasiyanitsa zinthu zitatu. Pali chimene ukapanda kuchita walephera basi. Pali chimene uyenera kuchita koma ungachisiye ngati uli ndi chifukwa chomveka ndipo waganizira zotsatira zake. Pali chimene uli ndi ufulu kuchita kapena kusachita. M'Chingerezi amagwiritsa ntchito must, should ndi may, ndipo mu 1997 Scott Bradner wa ku yunivesite ya Harvard analemba kachikalata kakafupi kotchedwa RFC 2119 kongofotokoza matanthauzo a mawu amenewa, chifukwa akatswiri ankakangana. WCAG ya 1999 inagawa mfundo zake m'magulu atatu motsatira mawu omwewa. Nanga ife? Tikamasulira must timati "ayenera". Tikamasulira should timatinso "ayenera". Tikafika pa may timati "angathe", lomwe limatanthauzanso kuti munthu ali ndi luso lochitira chinthucho. Zinthu zitatu zalowa m'mphika umodzi.

Ine ndinapsa nazo. Bungwe lina linandipatsa ntchito ngati yanuyi, ndipo ndinalemba "ayenera" pa chiganizo chilichonse, poganiza kuti ndikuonetsa kuti nkhaniyo ndi yaikulu. Patapita miyezi, mnyamata wopanga webusaiti ndi mkulu wa bungwelo anakangana pa malipiro. Mkuluyo anatenga pepala langa n'kumaloza kuti apa palembedwa kuti kanema aliyense ayenera kukhala ndi womasulira m'chinenero chamanja, ndipo simunachite. Mnyamatayo ankati mfundo imeneyo ndi ya mlingo wa AAA, pamene mgwirizano wawo unali wa AA. Iye ankanena zoona, mkuluyonso ankawerenga zimene zinalembedwadi. Wolakwa ndinali ine, ndipo zinandipweteka kuona munthu akumanidwa ndalama zake chifukwa cha liwu limene ndinalimwaza mosasamala.

Kuyambira pamenepo ndimaika kandime kakafupi koyambirira kofotokoza mawu atatu, ndipo ndikulangizani kuti muchite chimodzimodzi. "Ayenera" ndimalisungira lamulo lokha, lopanda kunyengerera. Pa chimene tingachisiye ndi chifukwa ndimati "ndi bwino kuti", ndipo ndimawonjezera kuti wosiya alembe chifukwa chake. Pa chaufulu ndimati "ndi kololedwa". "Angathe" ndimalisiyira luso lokha, monga "munthu angathe kukuza zilembo". Mawu monga "n'kofunika", "yesetsani" ndi "onetsetsani" ndimawachotseratu, chifukwa wowerenga sadziwa ngati ndi lamulo kapena pempho. Mukamaliza kulemba, sakani liwu lakuti "ayenera" m'kompyuta, muwerenge paliponse pamene latuluka, mudzifunse ngati mungabweze ntchito ya mnzanu chifukwa cha chiganizo chimenecho. Ngati simungabweze, lichotseni.

Pali njira ina imene olemba WCAG anatenga mu 2008, ndipo m'Chichewa imakhala bwino kwambiri. Anasiya kulamula n'kuyamba kulemba mfundo iliyonse ngati chiganizo choti munthu ayankhe kuti eya kapena ayi. M'malo mwa "zithunzi ziyenera kufotokozedwa bwino", mulembe kuti "chithunzi chilichonse chimene chikupereka uthenga chili ndi mawu onena uthengawo". Mnzanu atsegula tsamba, ayang'ana, ayankha. Liwu lakuti "bwino" ndi mdani pano, pamodzi ndi abale ake "mokwanira", "moyenera" ndi "mosavuta". Zilembo zooneka bwino kwa mtsikana wa zaka 20 si zooneka bwino kwa agogo ake. N'chifukwa chake mfundo 1.4.3 imapereka nambala: mtundu wa zilembo usiyane ndi mtundu wa pansi pake pa mlingo wa 4.5 kwa 1, ndipo zilembo zikuluzikulu 3 kwa 1. Mfundo 1.4.4 imati munthu azitha kukuza zilembo kufika pa 200 peresenti popanda mawu kusowa kapena tsamba kuleka kugwira ntchito. Pamene pali nambala, lembani nambalayo. Muyeso wanga ndi uwu: perekani lamulo limodzi kwa anzanu awiri, aliyense payekha, ayese tsamba lomwelo. Akabwera ndi mayankho osiyana, chiganizocho sichinapse.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa mawu, ndipo pa chimangirizo aphunzitsi ankanena zoona. Pa malangizo ndi kwina. Mukati "tsamba" m'ndime yoyamba, "peji" m'ndime yachiwiri ndi "webusaiti" m'ndime yachitatu, wowerenga aganiza kuti ndi zinthu zitatu. Musanalembe lamulo ngakhale limodzi, tengani pepala mulembe mawu anu, mwina 20 kapena 30, lililonse ndi tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi, ndipo muwamamatire mpaka kumapeto. WCAG yomwe ili ndi mndandanda wotere kumapeto kwake, ndipo mfundo 3.2.4 imafuna zomwezo pa webusaiti: batani logwira ntchito imodzi litchedwe dzina limodzi paliponse. Likakhala "Tumizani" pa fomu iyi, lisasanduke "Perekani" pa fomu inayo.

Mnzanu wachiwiri uja, wakuti musiye mawu ovuta m'Chingerezi, ali ndi mbali yoona. Mawu amene anthu anawalandira kale musalimbane nawo: intaneti, webusaiti, foni, batani, linki, fomu, pulogalamu. Ndinaonapo wolemba wina atatcha linki kuti "ulalo". Ndi Chichewa chokoma, koma anthu a muofesi yake ankafunsana kuti ulalo wake uti. Pamene palibe liwu lokhazikika, fotokozani ntchito ya chinthucho. Screen reader ndimaitcha "pulogalamu yowerenga mokweza". Alt text ndimati "mawu ofotokoza chithunzi". Captions ndi "mawu olembedwa pa kanema". Dzina lachingerezi litchuleni kamodzi mu mndandanda wa mawu uja, kuti munthu akalipeza pa kompyuta alizindikire. Lovuta kuposa onse ndi accessibility lenilenilo. Ena amati "kufikirika", ena "kupezeka mosavuta". Loyambalo ndi lolemera pakamwa, lachiwirilo limasocheretsa, chifukwa webusaiti ingapezeke mosavuta koma munthu wosaona n'kulephera kudzaza fomu yake. Ine ndimalolera kutalikitsa: "yoti aliyense angathe kuigwiritsa ntchito, kuphatikizapo anthu aulumali".

Tifike pa chimene chikukuopsani, katchulidwe ka anthu. Mayina a malamulo athu okha akuonetsa mmene mawu ayendera. La 1971 linkatchedwa Handicapped Persons Act, la 2012 Disability Act, ndipo la 2024 Persons with Disabilities Act. Dzina lomalizali latsatira pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, limene Malawi inavomereza mu 2009, ndipo limayamba ndi munthu, ulumali n'kubwera pambuyo. Si kulikonse kumene amatero. Ku Britain mabungwe ambiri a eni nkhani amakonda kunena kuti disabled people, pofuna kuonetsa kuti chimene chimalepheretsa munthu ndi masitepe, zikalata ndi mawebusaiti omangidwa mosamuganizira. Choncho musadabwe mukapeza zikalata ziwiri zachingerezi zikusiyana, ndipo musatengere mkangano wawo m'Chichewa. Chinenero chathu chili ndi mabala akeake.

Bala lalikulu lili m'magulu a mayina. Tamverani chiganizo ichi: "chilema chija chabwera". Chi, chi, cha. Munthu wachotsedwa m'gulu la anthu, waikidwa pamodzi ndi chitseko ndi chingwe. Mukati "munthu waulumali uja wabwera", wabwerera pamalo pake. Liwu lililonse limene likukakamizani kunena munthu ngati chinthu, litayeni osaganiza kawiri. Mayina onyoza anthu achialubino, amene tonse tinawamva tili ana, asapezeke ngakhale ngati chitsanzo cha mawu oletsedwa, pokhapokha eni ake atakuuzani kuti muwaike. Samalaninso ndi liwu lakuti "alungalunga" ponena za anthu ena onse, chifukwa likunena mobisa kuti enawo ndi operewera. "Anthu opanda ulumali" likwanira. Mawu achisoni monga "ovutika" ndi "omvetsa chisoni", kapena "ngakhale ndi wolumala koma", alibe ntchito m'malangizo. Mayi wosaona amene akufuna kulipira ngongole pa webusaiti yanu akufuna batani lokhala ndi dzina, chisoni sichimulipirira.

Pali msampha wina wa Chichewa chokha. "Khungu" ndi chikopa cha thupi, ndipo "khungu" ndi kusaona. Mukalemba "anthu akhungu lachialubino", wowerenga mothamanga, kapena womvetsera pa pulogalamu, amayamba wamva "anthu akhungu". Ine ndimalemba "anthu achialubino", "anthu osaona", "anthu osaona bwino" ndi "anthu osamva". Magulu awiri a pakatiwo asiyanitseni, chifukwa zosowa zawo n'zosiyana. Wosaona amamvetsera tsamba kapena kuliwerenga ndi zala. Wosaona bwino, ndipo ambiri mwa anthu achialubino ali m'gulu limeneli, amakuza zilembo ndipo amadalira kusiyana kwa mitundu kuja. Komabe mawu angawa asakhale omaliza. Safunsa anadya phula. Alipo mabungwe a eni nkhani: FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), Malawi Union of the Blind ya anthu osaona, MANAD ya anthu osamva ndi APAM ya anthu achialubino. Atumizireni kamndandanda kanu, ndipo akakuuzani liwu losiyana ndi langa, tengani lawo.

Nthawi zambiri simufunikanso kutchula ulumali. Nenani zimene munthu akuchita: "amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga mokweza", "amene sagwiritsa ntchito mausi", "amene akuonera kanema popanda mawu". Mukatero mwaphatikizamo agogo amene maso achita mdima, mnyamata wa foni yosweka galasi, mayi woima padzuwa pamsika, ndi aliyense amene bandulo yatsala pang'ono kutha moti zithunzi zikukana kutseguka. Anzanu a muofesi akadziona okha m'malamulowo sachedwa kuwatsatira.

Ndikuuzeni chimene chinandisintha ine. Tsiku lina ndinakhala pambali pa mayi wina wosaona, mphunzitsi, akuyesa tsamba limene ndinkanyadira nalo. Anali ndi laputopu yokhala ndi NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza imene anayambitsa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Liwu lake analichunira pa liwiro loti ine sindinkatolapo kanthu, mpaka analichepetsa chifukwa cha ine. Sanayambire pamwamba kuwerenga mzere ndi mzere. Anadina chilembo cha H kuti adumphe kuchoka pa mutu kupita pa mutu wina, ndipo pulogalamu inamuuza kuti palibe mutu, chifukwa mitu yathu inali zilembo zongonenepetsa, zosaikidwa ngati mitu. Kenako anadina Insert ndi F7, mndandanda wa malinki onse n'kutuluka. Ndinamva ndi makutu anga: "Dinani apa. Dinani apa. Werengani zambiri. Dinani apa." Anatembenukira kumene kunali ine n'kufunsa mofatsa kuti, "Apa pake ndi pati, achimwene?" Ndinasowa choyankha.

Mfundo 2.4.4 ndi imeneyo. Dzina la linki linene kumene ikupita: "Fomu yofunsira ngongole", "Ndandanda ya misonkhano ya mu Okutobala". Lamulo limeneli liikeni koyambirira, pamodzi ndi la mitu, chifukwa ndi losavuta kutsatira ndipo phindu lake limaoneka tsiku lomwelo. Pa liwu lakuti "dinani" palokha, ndimakonda "sankhani", poti ena amayendetsa tsamba ndi kiyibodi, ena ndi mawu apakamwa, ndipo pa foni yokhala ndi pulogalamu yowerenga mokweza ya TalkBack kapena VoiceOver kagwiridwe kake n'kosiyana. Koma "onani" musaliope. Anthu osaona nawonso amatsanzika kuti "tionana", ndipo kuzemba liwuli kumangochititsa manyazi aliyense. Cholakwika ndi kulozera chinthu ndi maonekedwe okha, monga "batani lobiriwira kumanja". Mfundo 1.3.3 ndi 1.4.1 zimaletsa zimenezo. Pa foni "kumanja" kumasanduka "pansi", ndipo kwa ife kubiriwira ena amati ndi girini, ena amaphatikizamo buluu. Tchulani dzina lolembedwa pa batanilo.

Pa mawu ofotokoza chithunzi ndidutsa mwachangu. Asayambe ndi "chithunzi cha", chifukwa pulogalamu imanena kale kuti ichi ndi chithunzi. Anene chimene chithunzicho chaikidwira, ndipo chongokongoletsa chisiyidwe chopanda mawu kuti pulogalamu ichidumphe. Vuto lathu lalikulu ndi maposita. Tsiku la msonkhano, malo, nthawi ndi nambala ya foni timazitsekera m'chithunzi n'kuponya pa Facebook ndi WhatsApp. Lembani lamulo lakuti mawu onse a pa posita alembedwenso m'uthenga weniweniwo.

Kalembedwe ka Chichewa kafunikanso tsamba lake. Uzani wopanga webusaiti kuti tsamba lililonse lachichewa lizidziwitsa chinenero chake ndi chizindikiro cha ny, ndipo ndime yachingerezi ya mkati mwake ikhale ndi en. Izi ndi mfundo 3.1.1 ndi 3.1.2. Anthu osaona ambiri amene ndagwira nawo ntchito amamvetsera Chichewa ndi liwu lachingerezi limene limapotoza mawu, ndipo makutu awo anazolowera kapotozedwe kake. Mukamasinthasintha kalembedwe, mumawasokoneza. Sankhani kamodzi ngati mulemba Malawi kapena Malaŵi, "liwu" kapena "liu", "mawu" kapena "mau". Kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi m'mudzi kasasowe, ndipo kakhale ka mtundu umodzi, chifukwa kompyuta ili ndi kowongoka ndi kopindika, ndipo malo ena osakira mawu amatenga awiriwa ngati zilembo zosiyana. Ngati muli ndi owerenga ku Chipata kapena ku Lusaka, kumbukirani kuti kumeneko amalemba c pamene ife timalemba ch, monga Cinyanja. Nenani m'malangizo kuti mwatsata kalembedwe ka ku Malawi, ndipo pokayika funsani a Centre for Language Studies, amene muli nawo konko ku Zomba.

Masiku alembeni ndi dzina la mwezi. WCAG 2.1 inatuluka pa 5 Juni 2018; wa ku America alemba 6/5/2018, ife tiwerenga kuti 6 Meyi. Chidule chilichonse, ngakhale cha dzina la bungwe lanu, chitambasuleni koyamba kumene chatuluka pa tsamba. Ziganizo za zilembo zikuluzikulu zokhazokha (MONGA IZI) zimatopetsa maso. Pa hashtag yambani liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, monga #TsikuLaAmayi, kuti pulogalamu ilekanitse mawuwo. Ma emoji pulogalamu imawatchula dzina limodzi ndi limodzi, choncho mitima 10 yondondozana ndi liwu limodzi lobwerezedwa ka 10 m'khutu la munthu.

Mungafunse kuti Chichewa chake chikhale chozama bwanji. Mfundo 3.1.5 imati nkhani ikafuna luso lowerenga loposa la munthu amene wakhala pasukulu zaka 9, pakhale njira ina yosavuta. Kwathu kuno, kumene pulayimale ndi zaka 8, ameneyo ndi mwana wa Fomu 1. Mfundoyi ndi ya AAA, choncho m'malangizo anu ipite pansi pa "ndi bwino kuti". Ine ndimaitsatirabe, ndipo ndimafuna kuti malangizo enieniwo aitsatire. Ziganizo zifupi, chimodzi lamulo limodzi, ndipo wochita atchulidwe. "Zithunzi zifotokozedwe" sichinena kuti ndani. "Woika chithunzi ayenera kulemba mawu ochifotokoza asanachitumize" chapereka ntchito kwa munthu. Pansi pa lamulo lililonse ikani chitsanzo cholakwika ndi cholondola chochokera pa webusaiti yanu yomwe, koma muonetse poyera kuti ichi ndi chitsanzo, ili ndi lamulo. W3C nayo imasiyanitsa gawo lomanga ndi gawo longofotokoza. Mukazisakaniza, wina adzatenga chitsanzo ngati njira yokhayo yololedwa. Miyambi ndi nthabwala, ngakhale timazikonda, zisungireni tsiku lophunzitsa anzanu pakamwa. Womasulira m'chinenero chamanja ndi munthu wovutika kumvetsa mawu okuluwika amafuna chiganizo cholunjika.

Pali malire a zimene mungachite nokha, ndipo abwana anu awadziwe msanga. Pepala lanu lingakonze mawu, mitu, malinki ndi zithunzi. Silingakonze fomu imene imakana kuyenda ndi kiyibodi, kapena uthenga wa cholakwika umene umangofiira osanena chimene chalakwika. Izo ndi za wopanga webusaiti, ndipo zilowe mu mgwirizano wake, ndi dzina la WCAG 2.2 ndi mlingo wa AA zolembedwa momveka. Funani katswiri woyesa ngati webusaiti yanu imalandira ndalama, nkhani zaumoyo kapena zinsinsi za anthu. Mufuneninso ngati amene amakuthandizani ndi ndalama akufuna umboni wolembedwa. Mabungwe a ku Ulaya ndi ku America ali ndi malamulo awo, monga European Accessibility Act imene inayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025 ndi Section 508 ya boma la America, ndipo nthawi zina amaika zofuna zotere m'migwirizano. Musalembe pa webusaiti kuti "takwaniritsa WCAG" popanda woyesa, chifukwa mawu amenewo ndi lonjezo limene munthu angakugwireni nalo. Mapulogalamu oyesa okha, monga WAVE, ndi othandiza poyambira, koma amangoona kuti mawu ofotokoza chithunzi alipo, sadziwa ngati akunena zoona. Ndipo mukadzafuna kumasulira WCAG yonse kuti ifalitsidwe, yambani mwawerenga ndondomeko ya W3C ya omasulira ndi kuwadziwitsa.

Musanapereke pepalalo kwa abwana, pemphani anthu atatu kapena anayi aulumali wosiyanasiyana kuti aliwerenge ndi kuyesa masamba angapo inu muli pomwepo, mutatseka pakamwa, mukungolemba pamene akukakamira. Muwatumizire ngati fayilo ya Word yokhala ndi mitu yeniyeni, osati pepala lojambulidwa ndi foni. Ikani m'bajeti ndalama ya mayendedwe ndi ya nthawi yawo, chifukwa imeneyo ndi ntchito yaukatswiri ngati ina iliyonse. Pamwamba pa pepalalo lembani tsiku limene mwamaliza ndi udindo wa munthu wolandira madandaulo, kuti liwu likadzasintha kapena wina akadzapeza cholakwika, adziwe khomo logogoda. Mndandanda wa mawu uja mukaulemba, nditumizireni tiuonere limodzi.